Bowa wa Pachitsa Wopita ku Mwase

Tamanda anafika pa boma la Lundazi dzuwa litangoyamba kuumitsa matope a mvula ya dzulo, thumba la bowa lili pamutu. Sanali bowa wandiwo ayi. Anali uja womera pazitsa za mitengo yakufa, wolimba ngati thabwa, wofiirira ndi wonyezimira ngati wina wamupaka polishi. Kwawo ku Kasungu ankangomuponda podutsa. Kuno ku Mphamba, pafupi ndi bomali, kutsidya lino la malire, kumene iye ndi mwamuna wake Binwell ankalima fodya pamunda wa eni ake monga matenanti, anamva kuti anthu a ku Lusaka amamupera n'kumamwa ngati tiyi, ati amalimbitsa thupi. Dziko lili ndi anthu ndithu. Koma poti ogula analipo, amayi a m'zigafa anayamba kumuzula, kumudula mapisi ndi kumuyanika.

Wogula wake anali Miriam, mtsikana wophunzira za mankhwala, yemwe anali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mbewu. Miriam sankagula ndi maso. Pathumba lililonse ankatengapo kachidutswa, kukapala ndi mpeni, ufawo n'kuuviika m'kabotolo ka sipiriti. Kenako ankadontheza timadzito m'munsi mwa kakhadi koyera, n'kuimika kakhadiko m'botolo lina lokhala ndi mankhwala pansi. Mankhwalawo ankakwera pang'onopang'ono ngati palafini pachingwe cha nyali, ndipo pokwerapo ankamwaza zonse za m'bowamo, china pansi, china pakati, china pamwamba. Akapopera kakhadiko n'kuunika ndi nyale yake ya buluu, pankaoneka timadontho. Timeneto ndiye tinali zizindikiro. Bowa weniweni ali ndi timadontho take todziwika, ndipo tikasowa, kapena pakabwera tachilendo, thumba linkabwerera pamutu pa mwini wake. Amayi ankadandaula kuti mwanayu ngwovuta zedi, koma sabata ikatha ankabweranso.

Thumba la tsiku limenelo Tamanda ankalinyadira. Mapisi ake anali aakulu, ouma bwino, opanda ndi kabowo komwe ka anankafumbwe. N'chifukwa chake dzulo lake madzulo anatapamo abwino kwambiri, kuwamanga m'pepala, n'kupatsira Evelina wogulitsa kaunjika kuti akasiyire amayi ake ku Mwase, m'boma lomweli la Lundazi.

Amayi akewo, a Namwale, ankakhala kwa mwana wawo wamwamuna Madalitso, yemwenso anali tenanti kumeneko. Anali ndi vuto la mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mapiritsi akuchipatala ankamwa ngati akuchitira nesi chifundo. Pakamwa pokha ndiye panalibe matenda. Chimvereni za bowayu sanamupatse Tamanda mpumulo. "Ukuchiritsa anthu a ku Lusaka amene sanakubereke, mayi ako akufa ndi befu kuno," ankatero pafoni. Miriam anali atanena kangapo kuti bowa wosayezedwa asamwe munthu. Tamanda mawuwo anawamva, koma uyu anali bowa wozula yekha ndi wodula yekha, ndipo sanaone choopa.

Anakhala pabenchi n'kumayang'ana Miriam akugwira ntchito yake. Timadontho ta bowa weniweni tinatuluka tonse, towala bwino, ndipo Miriam anagwedeza mutu mokondwa. Kenako anatenga kabotolo kena kopopera. Kameneka ankakagwiritsa ntchito chifukwa kuno ndi kwa alimi a fodya, ndipo manja ogwira fodya amasiya kanthu pa chilichonse chimene akhudza. Masiku ena pankaoneka kachizindikiro kozimiririka, iye n'kungokumbutsa amayi kusamba m'manja ndi sopo.

Lero panatuluka dontho lalikulu ngati chala chamanthu, lofiirira ngati papaya wakupsa.

Miriam anasiya kumwetulira. Anapisa dzanja pansi penipeni pa thumba, kutenga chidutswa china, n'kuyambiranso zonse. Kakhadi kachiwiri kanatulutsa dontho lomwelo.

"Amake Tiya, uyu bowa munayanika kuti?" anafunsa Miriam m'chilankhulo chakuno, akumuitana Tamanda ndi dzina la mwana wake.

"Pathandala, kuseri kwa nyumba. Mvula ikabwera timalowetsa."

"Simunaikeko mu shedi ya fodya?"

"Ayi. Paja munatiletsa."

"Manje iyi nikotini yachokela kuti? Onani apa. Uyu ni poizoni wa mu fodya. Nikapeza kang'ono nimaziba ati ni manja chabe, koma iyi yapakisa, monga munthu anachita kumiza. Uyu bowa munthu akaphika n'kumwa angagwe. Makamaka wa mtima, angafe."

Mawu omalizawo anamulowa Tamanda ngati madzi ozizira kumsana. Anachita mantha, mantha enieni, n'kutulutsa foni m'chikwama.

Anayamba waimbira Binwell, poti mtima unkafunabe kumva kuti kakhadi kanama. Binwell anayankha ali m'chigafa, akusoka fodya.

"Bambo a Tiya, bowa uja munamuchita chiyani?"

"Aa, mwaona eti?" anatero Binwell, mawu ake odzaza kunyada. "Tsiku lija munapita kumaliro ndinapeza tinankafumbwe tayamba kuboola. Ndiye ndinaviika zinyenyeswa za fodya m'ndowa, monga timachitira ndi nsabwe za pampiru, n'kumizamo mapisi onse. Atamwa bwino ndinayanikanso. Palibe kachilombo kanabwereranso. Mtsikanayo wati bwanji, wayamikira?"

Tamanda anangodula foniyo. Binwell sanali munthu woipa. Anali wa amuna aja amene akaona chinthu chikuwonongeka sangakhale pansi, ndipo nzeru imene inawathandiza padimba amaiyesa ya paliponse. Mpiru umatsukidwa ndi mvula, koma bowa wouma amamwa madzi ngati siponji n'kusunga. Ndipo poti bowayu ngwofiirira kale, ngwowawa kale, ndani akanazindikira? Amati safunsa anadya phula, koma apa phulalo ankadya ndi apongozi.

"Wina alipo ku Mwase," anatero Tamanda. "Ndinatumiza dzulo. Kwa amayi anga. Amadwala mtima."

Miriam sanamukalipire, ngakhale mpata unalipo. Anangoti, "Tumani foni manje manje."

Foni ya a Namwale inkakhala m'kathumba ka nsalu kolendewera m'khosi, ndipo nthawi zambiri inkalira mpaka kutopa eni ake akufufuza mfundo. Lero anayankha msanga, mawu ali okondwa kuposa masiku onse.

"Tamanda! Bowa wako wafika, ndaphika kale m'mamawa. Koma ngwamphamvu mwanawe! Kapu imodzi yokha ndasanza, malovu ali chuchuchu, mutu ukuchita kuzungulira. Matenda akutuluka!"

"Amayi, musamwenso! Mukundimva? Muli poizoni mmenemo!"

"Ukuti chiyani? Ukumveka patali. Ndathira madzi ena mumphika, ali pamoto. Ndikufuna atuluke onse lero lomwe."

"Tayani, amayi! Tayani!"

"Nditaye? Iwe, mankhwala akayamba kugwira sasiyidwa panjira. Si momwe amachitira achikuda? Ukasanza ndiye kuti apeza pamene pali nthenda. Dikira, foni ikulira moto..."

Panamveka phokoso la nsalu, kenako zii.

Tamanda anaimbanso. Anayankha ndi mayi uja wa m'foni amene sadwala, safulumira, kunena mwaulemu kuti nambalayi sikupezeka. Anayesa ya Madalitso, yomwenso sinkapezeka, chifukwa nyengo yothyola fodya foni imatsala m'nyumba pamsomali. Evelina anayankha, koma anali atadutsa kale malire ndi kaunjika wake, ali mbali ya Malawi. Tamanda analibe nambala ya mnansi wa a Namwale ndi mmodzi yemwe.

Chimene chinamuzizira kwambiri n'chakuti amayi ake sankalakwitsa mwa nzeru za kwawo. Iyenso anakula akudziwa choncho: mankhwala owawa ndiwo enieni, ndipo wodwala akasanza, omudwazika amapumira m'mwamba. Ndiye kuti poizoniyo akamawapweteka kwambiri, iwo azikondwa kwambiri n'kumawonjezera kapu.

Miriam anali atatuluka kale panja, ndipo anabwera ndi bambo wina wa njinga yamoto, wamfupi, wovala jekete yamvula.

"Aba ni ba Kenan, baziba njila za ku Mwase zonse. Mvelani amake Tiya. Mukafika osabapasa mukaka, osabasanzisa futi. Muwanyamule chabe kupita ku kiliniki, muuze ba nesi ati bamwa madzi ya fodya ndipo bali na mtima. Ine nizayesa kutumila ku kiliniki kuti bakonzeke. Thumba siyani. Endani!"

"Kwelani amama, kolani makola," anatero Kenan mu Chitumbuka chake, akumuonetsa kuti agwire zolimba.

Anatuluka m'tauni, kulowa msewu wafumbi umene mvula inausandutsa phala. Kenan ankayendetsa mozemba maenje, miyendo ili yotambasula, njinga ikuvina uku ndi uku. Tamanda sanaone minda ya chimanga, sanaone ana akusukulu amene ankawabayibitsa. M'maso mwake munali mphika umodzi wokha, uja wakuda wopanda chogwirira umene amayi ake ankaphikira tiyi. Ankauona ukuwira. Ankaona dzanja la amayi ake likuuphula, likutsanulira m'kapu, likuuzira. Anayesa kupemphera koma pemphero linkathera pa mawu amodzimodzi: atenthe, Mulungu, tiyiyo atenthe, adikire kuti azizire.

Kenako ankadzitsutsa yekha. Mwina Miriam wakokomeza. Anthu amatafuna fodya, agogo ena amaika wapamphuno m'kamwa zaka ndi zaka, osafa. Koma anakumbukira mmene amachitira munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame tsiku lonse, chizungulire, kusanza, mtima kugunda ngati ukufuna kutuluka, pomwe fodyayo wangomukhudza pakhungu. Nanga wowiritsa n'kumwa? Nanga mtima uja wa amayi ake, umene nesi amaumvetsera atakwinya nkhope?

"Fulumirani, bambo, chonde," anatero kukhutu kwa Kenan.

"Nikathamangisa apa tizagwa, amama. Tikagwa sitizafika."

Ananena zoona, ndipo Tamanda anamuda chifukwa cha zoonazo.

Patsogolo anapeza kamtsinje katadzaza, madzi ofiira akudutsa pamwamba pa kamlatho. Minibasi inali itaima kutsidya lino, anthu atatsika, ena akudya nzimbe, ena akukangana ngati madziwo akutsika kapena akukwera. Onse anali ndi nthawi. Kenan anazimitsa njinga n'kuyang'ana madziwo mokayika.

"Tilindileko pang'ono, yazachepa."

Tamanda anangovula nsapato, kukwinya chitenje, n'kulowa m'madzimo. Iye amene ankaopa ngakhale kuwoloka paulalo wa mitengo. Madzi anamufika m'mawondo, kenako m'ntchafu, akumukankha ngati munthu. Kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina: "Imwe amama, muzafa!" Iye anangoponda simenti ndi zala za kumapazi, phazi limodzi, kenako linzake, maso ali kutsidya. Atatulukira kutsidyako anatembenuka.

"Amayi anga amwa poizoni!" anakuwa. "Ndithandizeni njingayo!"

Anthu aja anasiya nzimbe. Amuna angapo anavula nsapato, kuinyamula njingayo m'mwamba mothandizana ndi Kenan, n'kuwoloka nayo akuterereka. Palibe anafunsa kuti mayiyu ngwakuti.

Atafika ku Mwase dzuwa linali pamutu. Anadutsa zigafa zodzaza fodya wofota, nakhotera kanjira ka kunyumba za matenanti. Tamanda anayamba kumvetsera njinga isanaime. Ankamvetsera kulira kwa maliro. Kunalibe, ndipo mtima unatsikako pang'ono. Kenako anaganiza kuti kukhoza kukhala chete chifukwa anthu onse ali kumunda ndipo palibe amene wawapeza.

A Namwale anali pakhonde, atatsamira chipupa, miyendo atatambasula. Nkhope yawo inali yotuwa, thukuta likuyenderera m'khosi, duku litagwera pambali. Pafupi panali beseni. M'manja mwawo munali kapu yadothi yoyera ija ankaisunga ya alendo, ndipo ankaikweza kukamwa ndi manja onse awiri chifukwa limodzi linkanjenjemera.

Tamanda anadumpha njinga isanaime bwino. Sanagwade, sanapereke moni. Anaimenya kapuyo ndi kuseri kwa dzanja, ndipo inakagwa pamwala n'kusweka.

Chibadwire anali asanakwezepo dzanja pamaso pa amayi ake. A Namwale anayang'ana zidutswazo, kenako mwana wawo, ngati aona chilombo.

"Wapenga kodi? Ndine mnzako ine?"

"Mwamwa angati, amayi?"

"Ubwere kuno ndi matope ako, osapereka ndi moni womwe, n'kundimenya pamaso pa mlendo?"

"Makapu angati?"

"Ameneyo anali wachitatu. Ndipo unditolere..."

Anagwira chipupa kuti aimirire, akamukalipire bwino ali chilili. Anafika pakati, maso anatembenuka, n'kugwera m'manja mwa Tamanda. Anali opepuka modabwitsa, ozizira, onyowa ngati awathira madzi.

Tamanda anakuwa. Panatulukira mayi wina wa nyumba yoyandikana, Yunike, mwana ali kumsana, manja ali ndi thovu la sopo. Anali atawamva a Namwale akusanza m'mawa, koma atafunsa anamuyankha kuti ndi mankhwala akugwira ntchito, iye n'kubwerera kochapa. Tsopano anangoti "Mayo ine!" n'kumasula chitenje chake chapamwamba.

Anawakweza panjinga, kuwakhazika kumbuyo kwa Kenan, Tamanda n'kukhala kumbuyo kwawo. Yunike anazunguliza chitenje n'kuwamangirira onse atatu pamodzi, mfundo ili pamimba pa Kenan. Anati athamangira kumunda kukaitana Madalitso. Njinga inanyamuka.

Tamanda anawakumbatira amayi ake, dzanja lamanja n'kulilowetsa pansi pa bulauzi, pachifuwa chakumanzere. Mtima unalipo. Unkathamanga, kenako n'kupunthwa, kukhala chete kanthawi kotalika moti Tamanda ankasiya kupuma, kenako n'kuyambiranso. Mutu wa a Namwale unkagubuduka paphewa pake.

"Amayi! Musagone. Amayi!"

"Mmm."

"Ndaswa kapu yanu ya alendo. Mwamva? Ndaswa dala."

"Mwana wopanda mwambo," anang'ung'udza a Namwale, mawu akutuluka olemera. "Kutengera kwa atate ako."

Tamanda anaseka uku akulira. Anazindikira kuti akamakalipa ndiye kuti alipo, choncho anayamba kuwaputa ndi chilichonse chimene akanakumbukira. Anawauza kuti chigumu chawo chimakhala chosapsa m'kati. Anawauza kuti kwaya ya amayi imayimba bwino iwo akajomba. A Namwale ankabweza, koma mayankho ankafupika, ndipo ankachedwa kubwera.

"Nanga nsalu yanu ya Mvano ija, ndinabwereka ine, ndinaiwotcha ndi simbi. Sindinakuuzeni."

Panalibe yankho.

"Amayi, mwamva? Ndinaiwotcha!"

Njinga inagunda bampu, mutu wa a Namwale unagwera kutsogolo pamsana pa Kenan. Pansi pa dzanja la Tamanda panali zii. Anakanikiza kwambiri, kusuntha zala, kufunafuna. Sanathe kusiyanitsa ngati chimene akumva ndi mtima wa amayi ake, wake womwe, kapena kunjenjemera kwa injini. Mawu ake anasanduka a kamwana.

"Nditukwaneni, amayi. Chonde nditukwaneni."

Kenan anamva. Sananenenso za kugwa. Anakoka moto, matope akuwaza mbali zonse, hutala ikulira kuti anthu apatuke. Anadutsa pamsika, pomwe amayi ogulitsa tomato anaimirira n'kumawayang'ana. Patsogolo panaoneka denga la malata la chipatala, ndipo pakhonde panali nesi ataima ndi mpando wamatayala, akuyang'ana kumsewu.

Pamenepo pansi pa dzanja lake panagunda kamodzi, mwamphamvu, kenako kawiri. A Namwale anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Anadzutsa mutu pang'ono, kuyang'ana anthu a pamsika aja ndi diso limodzi, n'kulankhula motsitsa koma momveka bwino.

"Iwe Tamanda. Chotsa dzanja m'bulauzi mwanga, anthu akuona."

Tamanda anagwetsa nkhope pakhosi pawo ponyowa paja n'kulira mokweza, osasamala za anthuwo. Dzanjalo sanachotse mpaka nesi anachita kulimasula yekha chala chimodzichimodzi.